Njerwa za Pansi pa Malata

Johannesburg, 16 Meyi 1965

Amake Ketty,

Muli bwanji kumeneko ku Jumbe, inu ndi mlendo wathuyo? Dzina lanu latsopanoli ndayamba ndalilemba kawiri papepala lina kuti dzanja lizolowere. Ine kuno ndilipo, chifuwa chija chinatha. Kalata yanu inafika Lachinayi. Ndamva kuti mwana anabadwa bwino, ndi wamkazi, ndipo akuyamwa. Mwati mphuno watengera ine. Mumupepese, palibe chimene tingachite.

Ndatumiza mapaundi eyiti kudzera kwa aphunzitsi monga kale. Mugule malata otsala aja ndi misomali yake, yotsalayo ikhale ya sopo ndi nsalu za mwana. Mbuzi musagulitse.

Tsopano za nyumba. Mwalemba kuti mmisiri wathu Abson akufuna kusiya mpata wolowa mkono pakati pa khoma ndi malata kuzungulira nyumba yonse, ndiponso kuti mazenera akhale a matabwa, otsekula. Ayi. Mumuuze kuti njerwa zikwere mpaka zigunde malata. Sindinakhale zaka sikisi ku Joni kuti ndikagone m'nyumba yolowa mileme ndi fumbi. Magalasi anayi amene ndinasiya kwa amayi anga aja awamatire m'mafelemu, asamatseguke. Zenera lotseguka ndi khomo la mbala ndi njoka. Akuti kuchigwa kwanuko kumatentha. Ndikudziwa, nanenso ndinagonako miyezi itatu chaka chatha ndipo sindinafe. Inu Akunda mumakonda nyumba zoti munthu ali panja aziwerenga miphika ya m'kati. Ife a ku Katete sititero.

Ntchito ilipo. Bwana Kotze, amene ndimawapalira matabwa, apeza ntchito yaikulu m'nyumba ya mzungu wina wolemera, yopanga kabati ya m'khoma. Ndikadzabwera ndidzabwera ndi wailesi, Ketty adzavine m'nyumba ya atate ake.

Mupereke moni kwa amayi.

Ndine mwamuna wanu,
Paskale Sakala

Johannesburg, 27 Juni 1965

Amake Ketty,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino. Kuno kwazizira moti madzi a m'chitini amauma m'mawa, koma thupi lili bwino.

Ndakondwa kumva kuti mwalowa m'nyumba, ndipo mwati ndi yofunda, mwana sakusowa bulangete lachiwiri. Mwaona? Abson ameneyo adziwe kuti mwini nyumba amaganiza asanalankhule.

Kabati ija tayamba. Ndikufotokozereni kuti mudziwe kumene malata anu akuchokera. Azungu olemera kuno amabwereka filimu n'kumaonera baisikopo m'nyumba mwawo momwemo. Adona a nyumba imeneyi safuna kuona makina ali poyera, akuti amanyansitsa chipinda. Tsono takumba khoma, tikulowetsamo kabati yaitali kuposa ine. Shelefu ya pamwamba ndi ya makina a baisikopo, kuwala kwake kuzitulukira pa kagalasi ka pachitseko. Yapakati ndi ya bokosi lokuzira mawu, lili ndi mababu eyiti amene amafiira likayaka. Pansi ndi pa galamafoni ndi mbale zake. Matabwa ake ndi mlombwa, womwewo wa kwathu umene timasemera mitondo, koma kuno mtengo wake mungakomoke.

Makina a baisikopo amalira ngati makina osokera, ndipo adonawo safuna kumva phokoso limenelo. Ndiye m'kati monse ndikumata nsalu yokhuthala ngati bulangete. Zitseko ndazipala ndekha. Zikatsekeka ngakhale nyerere silowa. Bwana Kotze anayesa kulowetsa pepala pakati pa zitsekozo, linakana, ndipo anangogwedeza mutu. Iwo akagwedeza mutu ndiye kuti ayamikira.

Pali mdala wina, a Hosea a ku Mzimba, amagwira ntchito kwa mzungu wa magetsi. Atabwera kudzaika mawaya anasuzumira m'kabatimo nati, "Sakala, makinawa azipumira pati?" Ine ndinati makina alibe mphuno. Iwo anakauza bwana wawo, bwana wawo anauza adona, adona anati safuna kabati ya mabowo ngati khola la nkhunda. Nkhani inathera pomwepo.

Ndatumiza mapaundi awiri okha. Mwezi uno panali zina zofuna ndalama, zokhudza mapepala. Musadere nkhawa. Chitseko cha nyumba mugulire loko wamkulu, osati wotchipa.

Wanu,
Paskale

Johannesburg, 22 Ogasiti 1965

Amake Ketty,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa ndinasamuka pogona. Kumene ndinkagona kuja kunabwera alendo ovala zofanana m'mawa wina, ndipo anzanga atatu anapita nawo. Chilandirire ufulu kwathuko, chitupa cha munthu wa ku Zambia amachiyang'ana nthawi yaitali. Zina sizolemba m'kalata.

Kabati inatha. Tsiku loyesa anatilola kuima pakhomo la chipinda. Anazimitsa magetsi, anatseka makatani, ndipo pakhoma panatuluka mahatchi akuthamanga, mawu akumveka bwinobwino koma makina ali zii m'kabati mwawo. Anaonetsa mphindi teni zokha. Adona anakondwa, anandipatsa jekete la amuna awo. Ndi lalikulu m'mapewa koma nsalu yake ndi yabwino. A Hosea anagwira chitseko cha kabati ndi kuseri kwa dzanja, nandiyang'ana. Munthu wamkulu akaluza mkangano amatero.

Mwalemba kuti dzuwa layamba ndipo masana m'nyumba simukhalika. Nanga masana munthu amafunamo chiyani m'nyumba? Khalani pansi pa mtengo monga anzanu. Mwatinso Abson wadzipereka kudzachotsa njerwa za pamwamba popanda malipiro. Ntchito yaulere muzichenjera nayo, akungofuna kuti anthu anene kuti iye ndiye ankanena zoona. Njerwa imodzi isachoke.

Ketty mwati wayamba kuseka mokweza ndipo amatembenuka tambala akalira. Mundilemberenso zotere. Chimanga cha m'nkhokwe musagulitse tsopano, dikirani Disembala mtengo ukwere.

Ndine,
Paskale

Johannesburg, 26 Seputembala 1965

Esnati,

Moyo ndili nawo. Ndikhulupirira inunso muli nawo, popeza mphamvu zosamuka m'nyumba mwazipeza.

Kalata yanu ndawerenga katatu ndipo ndakwiya. Mwati kwa masabata awiri tsopano mukugona ndi mwana m'chisakasa chophikiramo chija chifukwa malata sazizira mpaka tambala woyamba. Mwati mwana watuluka tizilonda m'khosi, akukana bere, ndipo liwombo linalowa. Mwatinso namwino wa pachipatala, a Nalishebo, ndiwo akuuzani kuti mwana asamagone m'nyumba imeneyo kufikira mvula. Namwino ameneyu anachokera kwawo ku Barotse kudzabaya jakisoni kapena kudzayendera nyumba za amuna a eni? Tizilonda ta thukuta mwana aliyense amatuluka. Mumusambitse, mumuthire paudala, ndatumiza ndalama yake.

Chisakasa chimenecho chilibe chitseko. Mwaiwala kuti fisi anatenga mbuzi pakhomo pomwepo chaka chatha? Ndiponso taganizani za ine. Munthu wamanga nyumba ya njerwa ndi malata, yoyamba m'mudzi monse, ndiye mkazi wake akugona paphulusa. Anthu odutsa pamsewu aziti chiyani? Aziti Sakala anamanga uvuni. Ine ndimadzuka faifi koloko, ndimayenda moyang'ana kumbuyo, ndimameza mawu amene galu sangawameze, zonsezo chifukwa cha nyumba imeneyo.

Tsiku limene kalatayi ifike mubwerere m'nyumba, inu ndi mwana, ndipo usiku muzitseka chitseko. Ngati simutero ndidziwa kuti mawu a namwino ndi a Abson ndiwo akulamulira pakhomo panga, ndipo ndilembera malume anu a Japhet kuti tikambirane bwinobwino. Sindinakulankhulenipo chotere chikwatirane. Musandichititse kubwereza.

Kuntchito kulibe zambiri. Anandituma kwa adona aja kukapala chitseko cha kabati, akuti chayamba kulimba potsekula. Ndinapezanso mbale ziwiri za galamafoni zitapindika. Adona akuti wantchito wa m'nyumba ndiye anazisiya padzuwa.

Paskale

Johannesburg, 24 Okutobala 1965

Amake Ketty,

Muli bwanji? Mwana ali bwanji? Mukhululuke zilembo zokhotazi, dzanja lamanja lili m'bandeji. Lero kwathuko mukukumbukira chaka chimodzi cha ufulu. Kuno ndi Lamulungu wamba.

Muuze aphunzitsi awerenge kalata iyi yonse, asadumphe mzere.

Loweruka la sabata yatha ananditumanso kwa adona aja, chitseko chinali chitalimbanso. Ndinafika thuu koloko masana ndipo ndinapeza kuli phwando la mwana wawo, ana odzaza chipinda, baisikopo itayamba kale. Anandiuza kuti ndidikire kukhonde mpaka ithe. Inali filimu yaitali. Itapitirira ola limodzi ndinamva mawu a anthu a m'filimumo akusasa, kenaka fungo la chinthu chopserera, kenaka ana akukuwa. Nditalowa ndinaona utsi ukutuluka pang'onopang'ono pansi pa zitseko zanga zija. Zinali zitatupa, sizinatseguke. Ndinachita kukanula ndi tchizulo. M'kati nsalu ija inali ikuyaka pamwamba pa bokosi la mawu, filimu itasungunuka. Ndinazula waya pakhoma n'kukoka nsaluyo ndi dzanja. Palibe mwana amene anapsa.

Adona anafunsa kuti anamata nsalu pafupi ndi mababu ndani. Bwana Kotze anayang'ana ine. Zoti adona omwewo anakana mabowo palibe anazikumbuka. Ntchito sanandichotse, koma ndinamva mayina anga onse.

Lachiwiri tinabwerera ndi a Hosea kukakonza. Ataika makina ena anawayatsa, natseka zitseko, tinadikira mphindi twente. Kenaka anatsekula chimodzi nati, "Sakala, lowetsa mutu." Ndinalowetsa. Amake Ketty, mpweya wa m'menemo sumezeka. Umangoima pakhosi. Ndinawerenga mpaka teni, ndinatulutsa mutu. A Hosea anati, "Mpweya wotentha umakwera. Ukausowetsa potulukira umakhala momwemo n'kumaphika chimene wachipeza. Ndipo sutuluka pamwamba ngati wozizira ulibe polowera pansi."

Tinachotsa nsalu yonse. Kunsi kwa kabati ndinaboola mabowo fote ndi dzanja lamanzere. Pamwamba ndinacheka mpata wolowa zala zinayi kuchokera uku mpaka uko, tinaikapo sefa ya waya. Mashelefu tinawafupikitsa kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, ndipo mbale za galamafoni tinazisamutsira kwina. Titatha, a Hosea anayatsa ndudu n'kuiyandikiza pa mabowo a pansi. Utsi unalowa wokha, ndipo patangopita kanthawi unatulukira pamwamba. Makina anayenda maola atatu, matabwa anangofunda pang'ono. Adona anati mabowowo saoneka n'komwe.

Mutu wanga uli m'kabati muja ndinakumbukira liwombo la Ketty. Ndinakumbukiranso kuti miyezi itatu imene ndinagona kuchigwa inali Juni, Julayi ndi Ogasiti. Okutobala wa kumeneko sindimudziwa. Ndachita mantha.

Kalata yanga ya Seputembala ija muing'ambe. Mutuluke m'nyumbamo lero lomwe, mukagone m'chisakasa, kapena kwa amayi, kulikonse kumene kukupita mphepo. Abson achotse njerwa za mzere wa pamwamba, imodzi asiye, imodzi achotse, kuzungulira nyumba yonse. Aboolenso pansi, pafupi ndi simenti, mbali ya kummawa ndi ya kumadzulo, aikemo sefa ya waya chifukwa cha njoka. Magalasi awachotse, ngakhale asweke, aike mazenera a matabwa amene ankanena aja. Mumuuze kuti ndati iye ndiye ankadziwa. Ndatumiza mapaundi anayi a ntchitoyo. Kwa a Nalishebo mupite ndi mwana akamuonenso, ndipo chimene anene muchite.

Mundiyankhe msanga.

Mwamuna wanu,
Paskale

Johannesburg, 21 Novembala 1965

Amake Ketty,

Muli bwanji? Ine ndilipo. Dzanja lapola, zala ziwiri zokha ndizo sizipinda bwino.

Sindinalandire kalata yanu chilandirire ya Seputembala ija. Akuti makalata akuchedwa chifukwa cha zimene zachitika ku Rhodesia, matumba akukhala panjira. Mwina ndi zimenezo. Ndimapita kukafunsa kwa kalaliki wa kuntchito Lachiwiri ndi Lachisanu, tsopano amangopukusa mutu ndisanafike pazenera.

Ngati kalata ya pa 24 Okutobala sinafike, mawu ake ndi awa: musagone m'nyumba ya malata ndi mwana. Abson achotse njerwa za pamwamba, aboole pansi, achotse magalasi. Zimene ndinalemba mu Seputembala zinali zolakwa.

Mvula yayamba kumeneko? Mbewu ya mtedza ili m'chitini chachikulu kwa amayi. Wailesi ija ndagula kwa mnzanga wina amene akubwerera kwawo mosafuna. Ndi yakale koma imalankhula bwino.

Ngakhale mizere iwiri, lembani.

Paskale

Johannesburg, 19 Disembala 1965

Amake Ketty,

Kalata iyi ndalemba keyala ya sukulu ya ku Malama, monga anenera malume anu. Muli bwanji inu ndi mwana? Mayi anu ali bwanji? Ine ndili moyo.

Kalata ya a Japhet inafika Lachisanu, itayenda masabata sikisi. Ndibwereze zimene ndamva, kuti ngati ndamva molakwa mundikonze. Kalata yanga ya Seputembala inafika pa 11 Okutobala, ndipo tsiku lomwelo munanyamula mphasa n'kubwerera m'nyumba, n'kumatseka chitseko monga ndinanenera. Patapita masiku eyiti mwana anatentha thupi, anasiyiratu kuyamwa, kenaka anayamba kugwedezeka maso atatembenuka. Abson ndiye anakunyamulani panjinga kupita kuchipatala. A Nalishebo anakhala naye masiku asanu, akuti anali malungo atapeza mwana wouma kale m'thupi. Anachira. Mutatuluka, a Japhet anabwera kudzakutengani nonse awiri kupita ku Malama. Kalata yanga yonena kuti mutuluke m'nyumba inafika inu mutapita kale, nyumba ili yokhoma.

A Japhet alembanso kuti chichokere kuchipatala mwana satembenuka mukamuitana, ndipo a Nalishebo akuti tidikire, nthawi zina makutu amabwerera, nthawi zina ayi.

Mawu ena a malume anu ndi olimba, koma sindikutsutsa ngakhale limodzi. Akuti simubwerera ku Jumbe mpaka ine nditabwera kudzakhala pansi ndi akuluakulu. Zili bwino. Khalani komweko, nyumba ya mayi anu ndi ya udzu ndipo mphepo imapita. Zobwera ine sindingalonjeze mwezi. Ndikatuluka m'dziko muno ndi mapepala amene ndili nawowa sindidzalowanso, ndiye ndiyambe ndaona kuti tidzadya chiyani. Koma ndibwera.

Inu simunalakwe. Munandiuza, Abson anandiuza, namwino anandiuza, ngakhale a Hosea amene sanaione n'komwe nyumbayo. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwayo yagwera mwana. Makina a mzungu ndinawaboolera mabowo fote tsiku limodzi, ndi dzanja lamanzere. Mwana wanga ndinamukaniza njerwa imodzi kwa miyezi isanu. Zimenezi zikundiwawa, ndipo ndilibe wina womuloza chala.

Abson ndamulembera payekha. Achotsebe njerwazo ngakhale mulibe munthu m'nyumbamo. Makiyi ali kwa amayi. Ndatumiza mapaundi atatu, mugule mkaka wa m'chitini ndi neti ya udzudzu. Wailesi ili pansi pa bedi, sindinaiyatsenso.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Ketty akakhala pamphasa akusewera, wina aime kumbuyo kwake, pamene sakumuona, amenye mbale yachitsulo ndi supuni. Muyese mbali ya kumanja, muyesenso ya kumanzere. Muzichita zimenezi Lamulungu lililonse. Yankho musatume malume, munene ndinu, aphunzitsi alembe mawu anu momwe mwanenera. Musandibisire pofuna kundimvera chisoni.

Mundiuze ngati watembenuka.

Ndine atate ake Ketty,
Paskale Sakala